Ufa wa m'mapampasi, mchere ndi DNA: maunyolo okhala ndi chaji amatani m'madzi?

Aphunzitsi Nkhoma: Moni nonse pagulu pano. A fiziki ndithandizeni. Sabata yamawa ndiyamba mutu wa mapolima ku Fomu 4, ndipo ndikufuna ana aone ndi maso ufa uja wa m'mapampasi. Ukang'amba thewera n'kukung'unthira thonje lake m'jumbo, pansi pamatsala timibulu toyera. Theka la supuni yaing'ono m'kapu ya madzi a batire, pakapita mphindi zochepa madzi onse agwira, ngakhale uzondotse kapuyo palibe chodontha. Ukawaza mchere pamwamba n'kutakasa, jeli ija imaphwa, madzi n'kuyambanso kuyenda. Ine ndimafotokoza kuti maunyolo a polimayo ali ndi chaji ya negative, ndiye amakankhana n'kutambasuka, madzi n'kupeza malo. Kodi kufotokoza kumeneku n'kokwanira?

Tadala: Moni aphunzitsi. Kukankhanako kulipodi, koma si kumene kumakoka madzi ambiri chotero. Ufawo ndi sodium polyacrylate. Paunyolo wake pali magulu a COO okhala ndi chaji ya negative, ndipo gulu lililonse lili ndi ayoni yake ya sodiyamu, ya positive. Ufa ukakhala wouma sodiyamuyo amakakamira pomwepo. Madzi akangolowa amamasuka n'kuyamba kuyendayenda. Maayoni amenewa, amene timawatchula kuti ma counterion, amafuna kumwazikana m'kapu yonse, koma sangathe, chifukwa akangotuluka ochepa chabe jeli imatsala ndi chaji ya negative imene imawakokera m'kati. Zili ngati anapiye amene akufuna kumwazika koma sangatalikirane ndi make: njira yokhayo yoti apeze malo ndi yoti khola lenilenilo likule. Ndiye m'kati mwa jeli muli maayoni ambiri, kunja mulibe, madzi amalowa mwa osmosis mpaka maunyolo atakokeka kufika poti sangapitirire. Sasungunukiratu chifukwa opanga anawalumikiza apo ndi apo kukhala ukonde. Frederick Donnan ndi amene analongosola za maayoni otsekeredwa motere mu 1911.

Chikondi: Achemwali, pamenepo pakundizunguza. Ngati maayoni ndi amene amakoka madzi, mchere nawo si maayoni? Bwanji kuthira mchere kukuphwetsa jeli m'malo moifufumitsa kwambiri?

Tadala: Chifukwa mchere sumangidwa paunyolo, Chiko. Umalowa m'kati, umakhalanso kunja. Chimene chimakoka madzi ndi kusiyana kwa m'kati ndi kunja, osati kuchuluka kwa maayoni pakokha. Tiye tiwerengere. Tinene kuti m'jeli muli ma counterion omasuka okwana 0.1 mol pa lita, kunja madzi opanda kanthu. Osmotic pressure yake, mphamvu yokoka madzi, ndi RT (R ndi gas constant, T ndi kutentha mu kelvin) kuchulukitsa ndi 0.1, imene pa 25°C ndi pafupifupi 2.5 bar. Tsopano thira mchere wa 0.15 mol pa lita, wofanana ndi wa m'dilipi ija ya 0.9%. Kunja maayoni onse pamodzi ndi 0.30. M'kati, malinga ndi lamulo la Donnan, ndi square root ya 0.1² kuphatikiza 0.30², imene ndi 0.316. Kusiyana kwatsala 0.016 basi, ndiye kuti 0.4 bar. Mphamvu yokoka madzi yatsika kasanu ndi kamodzi, pamene unyolo sunasinthe ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake ufa womwewo umamwa madzi oyera kulemera kwake kuchulukitsa mazana angapo, koma mkodzo umangomwa makumi angapo. Opanga matewera amayesera ndi madzi amchere a 0.9%, osati madzi a batire.

Aphunzitsi Nkhoma: Masamu amenewa ndi okoma, ana akhoza kuwatsatira. Koma sindikufuna kutaya kukankhana kuja msanga. Mabuku ambiri amajambula unyolo wopiringizana kenako wowongoka, timizere ta negative titatalikirana. Onsewo akunama?

Tadala: Sakunama, akujambula nkhani ina. Unyolo umodzi uli wokha m'madzi ambiri opanda mchere, ma counterion ake amapita kutali, ndiye machaji apaunyolo amaonana bwinobwino n'kuuwongola. Pamenepo kukankhana ndiye mwini nkhani. M'jeli maunyolo ali pafupipafupi, ma counterion ali pakati pawo, ndipo gawo lalikulu la mphamvu yofufumitsa limachokera kwa iwo. Chimene ndimalimbikira n'chakuti tikamangoyang'ana unyolo timaphonya theka la nkhani. Timaayoni ting'onoting'onoto n'tambiri kuposa maunyolo kutalitali. Unyolo umodzi ukhoza kukhala ndi ma counterion 10,000, ndipo aliyense wa iwo amafuna ufulu wake woyenda. Entropy yambiri, imene ndi muyeso wa ufulu womwazikanawu, ili kumeneko.

Bambo Gondwe: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndimagwira ntchito yoyeretsa madzi, ndipo mapolima awa timakhala nawo tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi, onjezani kapu yachitatu ya madzi a pamjigo, makamaka aja osachita thovu msanga ndi sopo. Muona kuti jeli yake ikhala yochepa ngakhale madziwo sakumveka mchere pakamwa. Alimi amene amathira ufa wofanana ndi umenewu m'mayenje a mbande amadandaula zomwezo, kuti ukakumana ndi feteleza sugwiranso madzi monga zinalembedwera papaketi.

Tadala: Zoona bambo Gondwe. Feteleza ndi mchere basi pankhani iyi. Koma madzi a pamjigo ali ndi chinanso, kashiyamu ndi maginiziyamu. Ayoni ya kashiyamu ili ndi chaji ziwiri, ndiye imodzi imalowa m'malo mwa sodiyamu awiri, maayoni oyendayenda n'kuchepa ndi theka. Kuwonjezera apo imagwira magulu awiri a COO nthawi imodzi, nthawi zina a maunyolo osiyana, n'kuwamanga pamodzi. Jeli imene yaphwa ndi mchere wapatebulo ukaitsuka ndi madzi oyera imafufumanso. Imene yaphwa ndi kashiyamu imavuta kubwerera.

Chikondi: Nanga mawu aja akuti mchere umaphimba chaji amatanthauzanji kwenikweni? Alekichala athu amangoti screening n'kupitirira.

Tadala: Chaji ikakhala m'madzi amchere, maayoni otsutsana nayo amachulukirapo pang'ono pafupi nayo, ofanana nayo n'kuchepa. Ukaima patali suimvanso chajiyo, chifukwa mtambo umene waizungulira waifafaniza. Mtunda umene chaji imamvekera umatchedwa Debye length, kuchokera pa ntchito ya Peter Debye ndi Erich Hückel ya 1923. Kwa mchere ngati wapatebulo, pa 25°C, ndi 0.304 nanomita kugawa ndi square root ya kuchuluka kwa mcherewo mu mol pa lita. Pa 0.001 umapeza pafupifupi 10 nm. Pa 0.1 pafupifupi 1 nm. M'magazi mwathu ndi 0.8 nm, kutanthauza kuti mamolekyu awiri m'thupi samvana chaji mpaka atatsala pang'ono kugundana. M'madzi oyeretsetsa umafika pafupifupi maikulomita imodzi, koma madzi otere sakhalitsa. Akangokhala pamphepo amamwa carbon dioxide, pH n'kutsikira cha ku 5.6, Debye length n'kubwerera cha ku 200 nm.

Pali mtunda winanso wofunika, Bjerrum length. Umenewu ndi mtunda umene machaji awiri amakokana kapena kukankhana ndi mphamvu yofanana ndi kugwedezeka kwa kutentha, kT. M'madzi ndi 0.7 nm. Ukasunga manambala awiriwa pamtima, zambiri za nkhaniyi ukhoza kuziwerengera wekha papepala.

Yamikani: Ine wa kulabu ya bayoloje ndalowa mochedwa. Achemwali Tadala, fikani pa DNA, poti ndi unyolo wa chaji umene ife timaugwira tsiku lililonse.

Tadala: Tafika kale achimwene. DNA ili ngati makwerero, ndipo ili ndi ma phosphate awiri a negative pa sitepe iliyonse, imene timati base pair, ndipo ma base pair amatalikirana 0.34 nm. Ndiye kuti pa 0.17 nm iliyonse pali chaji imodzi ya negative. Yerekezani ndi 0.7 nm ija: machaji athithikana kanayi kuposa mmene kutentha kungapirire. Gerald Manning mu 1969 anaonetsa kuti zikafika potere ma counterion ena amasiya kuyendayenda n'kuunjikana pafupi penipeni ndi unyolo, mpaka chaji yotsala itachepa kufika pa imodzi pa Bjerrum length iliyonse. Fumio Oosawa wa ku Japan anafika pa mfundo yomweyo mwa njira yake. Ukagawa 0.71 ndi 0.17 umapeza 4.2, ndipo gawo lophimbidwa ndi 1 kuchotsa 1/4.2, limene ndi 76%. Choncho DNA m'madzi a sodiyamu imaoneka ngati ili ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a chaji yake.

Chimene chimandisangalatsa pa mfundo imeneyi n'chakuti sidalira kuchuluka kwa madzi. Chaji ikakhala pa kampira, ukathira madzi ambiri ma counterion onse amathawa. Ikakhala pa ndodo yaitali, mphamvu yokoka imakula ndi logarithm ya mtunda, ndipo phindu la entropy la kuthawa limakulanso ndi logarithm yomweyo. Awiriwa amalimbana pa mlingo umodzi, wopambana amadziwika ndi nambala imodzi yokha, kuthithikana kwa machaji, ija tapeza kuti ndi 4.2 pa DNA. Ikaposa 1 ena amatsala paunyolo ngakhale usukulutse bwanji.

Chikondi: Ndiye polyacrylate ya aphunzitsi? Ndayesa: magulu onse akakhala ndi chaji amatalikirana 0.25 nm, 0.71 kugawa ndi 0.25 ndi 2.8, gawo lophimbidwa 65%.

Tadala: Wakhoza Chiko. N'chifukwa chake ukayeza osmotic pressure ya polima yotere umapeza yochepa kwambiri kuposa imene ungayembekezere powerenga sodiyamu yense amene unathira. Dziwa kuti Manning anayerekeza unyolo ngati mzere wowongoka wopanda mapeto ndi wopanda kunenepa. Maunyolo enieni ndi aafupi, amapindika, ndipo malire a ayoni yogwidwa ndi yomasuka si akuthwa chonchi. Komabe manambala ake amayandikira zimene anthu amayeza modabwitsa.

Yamikani: Izi zikundimasulira chimene timachita pogwetsa DNA. Timathira sodium acetate kufika 0.3 mol pa lita, kenako ethanol wozizira kuwirikiza kawiri kapena kawiri ndi theka. Aphunzitsi, izi mungachite ndi ana pogwiritsa ntchito nthochi. Mufinye nthochi yakupsa m'jumbo pamodzi ndi madzi, sopo wotsukira mbale pang'ono ndi mchere, musefe ndi kansalu, kenako mutsanulire spiriti wozizira pang'onopang'ono m'mbali mwa galasi kuti akhale pamwamba osasakanikirana. Pamalire pa ziwirizo pamayamba kuoneka timaulusi toyera tokhala ndi tithovu, timakwera m'mwamba, ndipo mukhoza kutikola ndi kamtengo.

Tadala: Ndipo chifukwa chake ndi Bjerrum length yomweyo. Dielectric constant, muyeso wa mmene chamadzimadzi chimafooketsera kukokana kwa machaji, ya madzi ndi pafupifupi 78, ya ethanol pafupifupi 25. Mu ethanol machaji amakokana katatu kuposa m'madzi, Bjerrum length n'kupitirira 2 nm. Sodiyamu amakakamira pa phosphate, DNA imatsala ngati yopanda chaji, ndipo ethanol saisungunula, ndiye imagwa. Mukaiwala mchere imagwa pang'ono chabe, poti palibe maayoni okwanira kuiphimba.

Aphunzitsi Nkhoma: Ya nthochiyo ndiichita ndithu. Funso lina, loti mwina n'lakukhitchini. Therere lija limananda chifukwa cha zomwezi?

Tadala: Lili m'banja lomwelo. Kunanda kwa therere lobala kumachokera ku maunyolo aatali a shuga, a mtundu wa pectin, okhala ndi galacturonic acid. Magulu ake a COOH amataya hydrogen n'kukhala ndi chaji pH ikakwera, ndipo amaibweza pH ikatsika. Mapolima onse a chaji amatchedwa ma polyelectrolyte, ndipo amenewa timati ofooka, poti chaji yake imasintha ndi pH, kusiyana ndi polystyrene sulfonate imene imakhala ndi chaji nthawi zonse. Mandimu kapena tomato wambiri amachepetsa kunanda. Soda ndi chidulo zimagwiranso ntchito ina, yodula pectin wa m'makoma a maselo, ndiwo n'kufewa msanga.

Poti tafika pa kunanda, pali chinthu chimene chinadabwitsa akatswiri kalekale. Polima yopanda chaji ukamaisukulutsa, kunanda (viscosity) kumene galamu iliyonse imawonjezera kumatsika pang'onopang'ono n'kukhazikika. Raymond Fuoss ku Yale, cha mu 1948, anapeza kuti polima ya chaji m'madzi opanda mchere imachita zosiyana: ukamathira madzi, galamu iliyonse imanandisa kwambiri, molingana ndi 1 kugawa ndi square root ya concentration. Ukathira mchere pang'ono zodabwitsazo zimatha, imayamba kuchita ngati polima wamba.

Chikondi: Chifukwa maunyolo amawongoka akamasukulutsidwa?

Tadala: Anthu oyambirira ankatero, kuti amasanduka tindodo. Mbali ina n'zoona. Unyolo wopanda chaji wa magawo N umadzikulunga, kukula kwake kumapita ngati N^0.6. Wa chaji, uli wokha popanda mchere, kukula kwake kumapita ngati N yeniyeniyo. Tenga magawo 10,000 a 0.25 nm. Utali wonse ndi 2.5 maikulomita, koma wopanda chaji umangotenga malo a nanomita makumi angapo mpaka zana. Kusiyana kumeneku kumachititsa kuti maunyolo a chaji ayambe kugundana pa concentration yochepa zedi, ndipo zoyesa zambiri za nthawi ya Fuoss zinachitika maunyolo atalowana kale. Pierre-Gilles de Gennes ndi anzake Pincus, Velasco ndi Brochard mu 1976 anajambula chithunzi china: unyolo ndi wowongoka pa mtunda waufupi wokha, wofanana ndi mpata wa pakati pa maunyolo, ndipo kupitirira apo umapindika mwachisawawa poti anzake ndi ma counterion auphimba. Mpatawo umapita ngati 1 kugawa ndi square root ya concentration. Dobrynin, Colby ndi Rubinstein mu 1995 anaonetsa kuti lamulo la Fuoss limatuluka lokha m'chithunzi chimenechi. Ukawalitsa ma neutron kapena X-ray pamadzi otere umaona pa girafu ya mmene amamwazikira nsonga imene malo ake amasuntha ndi square root yomweyo, ndipo mchere ukachuluka nsongayo imazimirira.

Pali mkangano umene sunazizire pa kuuma kwa unyolo. Theo Odijk, komanso Skolnick ndi Fixman, mu 1977 anawerengera kuti gawo la kuuma lochokera ku chaji limapita ngati Debye length kuchulukitsa yokha. Pa maunyolo ouma kale monga DNA, imene persistence length yake, mtunda umene unyolo umakhala wowongoka usanapindike, ndi pafupifupi 50 nm m'mchere wa m'thupi, zimagwira bwino. Pa maunyolo ofewa zoyesa zambiri zimaonetsa kuti limangopita ngati Debye length kamodzi, ndipo akatswiri akhala akutsutsana zaka zambiri ngati vuto lili mu theory kapena m'kufupika kwa maunyolo amene amayesera.

Bambo Gondwe: Mwana wanga, zimenezo zandipitirira pang'ono, koma ndili ndi funso la kuntchito limene lakhala likundivuta. Dothi la m'madzi amatope lili ndi chaji ya negative, n'chifukwa chake silidikha msanga, timibulu take timakankhana. Tikathira alamu kapena polima yotchedwa polyDADMAC, zimene zili positive, ndimamvetsa. Koma pali polima ina ya polyacrylamide imene ili negative, ndipo nayonso imagwirizanitsa matope. Negative ndi negative zigwirana bwanji?

Tadala: Imeneyo siigwira yokha bambo. Mumaithira alamu atalowa kale, si choncho?

Bambo Gondwe: Eya, pambuyo pa alamu, ndiponso yochepa kwambiri.

Tadala: Ndiye alamu amakhala atasiya madontho a positive pa timibuluto, kashiyamu wa m'madzi nayenso amakhala mkhalapakati, ndipo m'mphepete mwa timapale ta dongo mumatha kukhala positive ngakhale pamwamba pake pali negative. Unyolo umagwira pa madontho amenewo. Chaji yake ya negative imathandiza mwanjira ina: imautambasula, ndiye mbali imodzi ikagwira kambulu aka, mbali ina imafika pa kena. Maunyolo amenewa ndi aatali kwambiri, kulemera kwa molekyu yake kumafika mamiliyoni. M'madzi amchere wambiri amadzikulunga, mlatho n'kufupika.

Bambo Gondwe: Tsopano zamveka. Ndikuuzeninso chimene ndimaona pa jar test. Timandandalika mabika asanu ndi limodzi a madzi amodzimodzi, mankhwala tikuwonjezera kuchokera kumanzere kupita kumanja. Timatakasa mwamphamvu mphindi imodzi, kenako pang'onopang'ono, n'kuzimitsa. Bika loyamba limakhalabe lofiirira. Lachitatu kapena lachinayi mumayamba kuoneka timadontho, timakula tikuzungulira, kenako timatsika n'kusiya madzi oti ukhoza kuwerenga nyuzipepala kuseri kwake. Koma lomaliza, limene lalandira polima ya positive yambiri, limabwereranso kukhala lotuwa, osadikha ngakhale udikire ola. Anyamata atsopano kuntchito madzi akavunduka amangofuna kutsegula pampu ya mankhwala, ndipo ndimalimbana nawo kwambiri pa chimenechi.

Tadala: Chimene mukuona m'bika lomalizalo ndi kutembenuka kwa chaji. Unyolo wa positive ukamatera pa kambulu suima pamene chaji yangofika pa ziro. Umapitirira, chifukwa pomata umamasula maayoni ang'onoang'ono ambiri amene anali atagwidwa pamenepo, ndiponso mbali zina za unyolowo zimalendewera m'madzi ndi chaji yake. Kambulu kamene kanali negative kamasanduka positive, tonse n'kuyambanso kukankhana. Gero Decher anagwiritsa ntchito zomwezi m'zaka za m'ma 1990 popanga timakungu topyapyala: kuviika galasi mu polima ya positive, kutsuka, kuviika mu ya negative, kubwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse chaji yapamwamba imatembenuka n'kukoka gawo lotsatira.

Yamikani: Bambo Gondwe, DNA imachitanso chimodzimodzi ndi mabika anuwo. Ukathira spermine, imene ili ndi chaji zinayi, kapena spermidine ya chaji zitatu, DNA imene inali yotambasuka imadzikulunga mwadzidzidzi kukhala timphete ta pafupifupi 100 nm. Ukapitiriza kuthira yambiri imasungunukanso.

Chikondi: Dikirani. Manning akuti chaji imangochepa, siitheratu. Ndiye maunyolo awiri a DNA ayenera kumakankhanabe. Akukokana bwanji?

Tadala: Funso lako ndi limene linavutitsa anthu zaka zambiri. Powerengera mwa Manning, ayoni ya chaji imodzi imaphimba 76%, ya ziwiri 88%, ya zitatu 92%, ya zinayi 94%. Wilson ndi Bloomfield mu 1979 anapeza kuti DNA imadzikulunga kuphimbako kukafika cha pa 90%, n'chifukwa chake m'madzi sodiyamu ndi maginiziyamu salikwanitsa koma spermidine imatha. Koma kuchepetsa kukankhana si kukoka. Equation ya Poisson-Boltzmann, imene imatenga maayoni ngati utsi wofalikira mofanana, singatulutse kukokana pakati pa zinthu za chaji yofanana ngakhale uipotokole bwanji. Kukokako kumabwera ukakumbukira kuti maayoni a chaji zitatu amakankhana okhaokha mwamphamvu, ndiye amakhala motalikirana mwadongosolo paunyolo, n'kusiya mipata ya negative pakati pawo. Maunyolo awiri akayandikana, ayoni ya uyu imayang'anizana ndi mpata wa uyo, n'kugwirana. Boris Shklovskii ndi ena analemba zambiri pa mfundo imeneyi kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pa kusungunukanso kuja, ena amati ndi kutembenuka kwa chaji, ena amati spermine ikachuluka imagwirana ndi chloride n'kuchepa mphamvu, ndipo mbali zonse zili ndi zoyesa zoikira kumbuyo.

Ndipo izi si zamulabu zokha. Selo lathu lililonse lokhala ndi nucleus lili ndi DNA yotalika pafupifupi mamita 2 m'nucleus ya maikulomita ochepa. Imakulungidwa pa ma histone, mapuloteni odzaza ndi lysine ndi arginine za chaji ya positive, ma base pair 147 pa gulu lililonse. Mu umuna ma histone ambiri amalowedwa m'malo ndi protamine, puloteni yaing'ono ya positive imene imapanikiza kwambiri. Vairasi ya mabakiteriya yotchedwa phi29 imakankhira DNA yake m'chikho ndi kainjini, ndipo gulu la Carlos Bustamante mu 2001 linayerekeza kuti m'katimo mphamvu imafika cha pa 60 atmosphere.

Mayi Nasibeko: Mwatchula protamine, ndiye nane ndiyankhulepo. Ndimagwira ntchito kuthiyeta kuno ku Britain, kumene amachita maopaleshoni a mtima. Wodwala asanalumikizidwe ku makina oyendetsa magazi amapatsidwa heparin wambiri kuti magazi asaundane m'mapaipi. Opaleshoni ikatha amapatsidwa protamine, pafupifupi 1 mg pa mayunitsi 100 a heparin, pang'onopang'ono poti ikathamangitsidwa BP imagwa. Pakapita mphindi zochepa malo amene ankangotuluka magazi amayamba kuuma, ukuona ndi maso. Tinkangouzidwa kuti positive ikugwira negative.

Tadala: Mayi, ndi choncho, koma chokankha chachikulu ndi ma counterion aja. Heparin ndi imodzi mwa mamolekyu a m'thupi othithikana chaji ya negative kwambiri, ndiye yazunguliridwa ndi sodiyamu wogwidwa. Protamine yazunguliridwa ndi chloride. Zisanakumane, chilichonse chinali kale ndi chochiphimba, choncho phindu la kukokana kwa machaji si lalikulu monga timaganizira. Zikagwirana, sodiyamu ndi chloride onse aja amamasulidwa n'kumwazika. Maunyolo awiri ataya ufulu, maayoni makumimakumi aupeza. Umboni wake ndi wakuti ukachulukitsa mchere zogwirana zoterezi zimamasuka, poti ayoni siipindulanso kanthu pothawira kumalo kodzaza kale ndi anzake. Bungenberg de Jong ndi Kruyt anaona mu 1929 gelatin ndi gum arabic zikupatukana ndi madzi kukhala timadontho tonanda, n'kuzitcha coacervate. Timadontho timeneti ndi timene tinkasunga inki m'mapepala a malisiti aja olemba pawiri popanda kaboni.

Mayi Nasibeko: Nafenso protamine ikapitirira muyeso magazi amavutanso kuundana. N'zofanana ndi bika la bambo Gondwe?

Tadala: Zotsatira zikufanana koma njira yake ndi ina. Protamine yotsala, imene yasowa heparin woti igwire, imakasokoneza ma platelet ndi mapuloteni oundanitsa magazi. Mwa zinthu za m'thupi, chimene chimatsata Donnan mwachindunji ndi cartilage ya m'bondo. Muli molekyu yaikulu yotchedwa aggrecan, yodzaza ndi maunyolo a sulfate a negative, yotsekeredwa mu ukonde wa collagen. Ma counterion ake amakoka madzi, collagen imaletsa kufufuma, ndipo kulimbana kumeneku ndi gawo la chimene chimanyamula thupi munthu akaponda. Nyamakazi ya m'mafupa ikamayamba, aggrecan ndi imodzi mwa zoyamba kutayika.

Aphunzitsi Nkhoma: Bambo Gondwe, nanga nthanga za cham'mwamba zimene anthu amati zimayeretsa madzi?

Bambo Gondwe: Zimagwiradi ntchito aphunzitsi. Ofufuza a University of Leicester anaziyesa pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, m'malo mwa alamu, ndipo madzi amatope a nthawi ya dzinja anayera. Ubwino wake sizitsitsa pH monga alamu amachitira. Koma anthu amve bwino: kudikhitsa matope si kupha tizilombo. Ufa wa nthangazo umasiyanso chakudya cha mabakiteriya m'madzi, ndiye ukawasunga masiku amayamba fungo. Pamafunikabe klorini kapena kuwiritsa. Polyacrylamide nayo ili ndi pake poyang'anira, poti acrylamide yotsalira popanga ndi poizoni, ndipo WHO inaika malire a 0.5 maikulogalamu pa lita m'madzi akumwa.

Tadala: Ndingowonjezera kuti chogwira ntchito m'nthangamo ndi timapuloteni ting'onoting'ono ta positive, tolemera pafupifupi 6 mpaka 13 kilodalton. N'tatifupi kwambiri poyerekeza ndi polyacrylamide, ndiye timazimitsa chaji ya dongo koma sitimanga milatho yaitali. Timibulu take timakhala tating'ono ndi topepuka.

Bambo Gondwe: Ndimaonadi choncho, timachedwa kutsika kuposa ta alamu ndi polima. Ndipo timagwira bwino madzi akakhala amatope kwambiri kusiyana ndi akangotuwa pang'ono. Aphunzitsi, ngati mukufuna ana ayese, tungani madzi a mumtsinje mvula itangogwa, musinje nthanga zouma zochotsa makoko, musungunule ufawo m'madzi oyera n'kusefa, ndipo mukonze tsiku lomwelo chifukwa ukagona umafooka. Mabotolo akhale ofanana, madzi ofanana, lina mulisiye lopanda kanthu loyerekezera, ndipo lomaliza muthiremo wochuluka dala.

Chikondi: Bambo Gondwe, muyeso woyenera sungawerengeredwe papepala, ngati tadziwa kuchuluka kwa matope?

Bambo Gondwe: Ungayandikire, koma chaji siili pa dongo pokha. Masamba owola amene mvula yoyamba imakokolola amatulutsa humic acid, nayonso ndi negative, ndipo imadya mankhwala ambiri madzi asanaoneke n'komwe kuti avunduka. Madzi a mu Disembala ndi a mu Malichi akhoza kuwerenga chimodzimodzi pa mita ya matope koma n'kufuna muyeso wosiyana. Mvula ikagwa kumtunda usiku, m'mawa ndimayambiranso mabika onse asanu ndi limodzi ndisanakhudze pampu.